Singano za ku China pamsana wa msodzi

Kwathu ku Feira, pomwe Luangwa amathira m'Zambezi, munthu wamkulu akavula malaya umatha kuwerenga matenda onse omwe anadwalapo. Timizere m'chiuno, pamabondo, m'mbali mwa maso: mphini. Pomwe panawawa mpomwe lumo linadutsa, kenako n'kupakapo mankhwala akuda. Choncho ife sitidabwa tikamva kuti ululu amauthamangitsa poboola khungu. Chofunika kudziwa n'chakuti akuboola ndani, ndipo akuboola ndi chiyani.

Amalume anga apalasa bwato zaka zoposa 30, kuponya maukonde ndi kuwolotsa anthu opita ku Zumbo ndi ku Kanyemba. Msana unafika pokana. Kuchipatala anawapima, sanapeze matenda ena obisika, ndipo mapiritsi amangothandiza masana. Atabwera kudzakhala nane ku Mtendere, mu Lusaka, tinamva za acupuncture, njira ya ku China yobaya tisingano m'thupi. Si yachilendo kwenikweni m'dziko muno: magulu a madokotala a ku China akhala akubwera ku Zambia kuyambira 1978, ndipo ena mwa iwo ndi odziwa ntchito imeneyi.

Tsiku loyamba mafunso amachuluka kuposa singano. Mumagona bwanji, mumadya bwanji, ululu umakula m'mawa kapena madzulo? Dokotala anayang'ana lilime la amalume, n'kugwira mitsempha ya pamikono yonse iwiri. Iwo anandinong'oneza kuti, "Iwe, wawauza bwino kuti ndabwera ndi msana?" Ndinati, "Amalume, dekhani, ndi mmene amapimira kwawo."

Kenako anagona chafufumimba. Singano zake n'zopyapyala ngati ulusi wa mbedza, zilibe bowo ngati za jekeseni ndipo sizilowetsa mankhwala alionse. Dokotala anazitulutsa m'paketi yomata ife tikuona. Anabaya 12, zina m'chiuno, zina kuseri kwa mabondo ndi m'mapazi, kutali ndi pomwe pamawawa. Amalume akuti polowa zinali ngati kulumidwa ndi udzudzu, kenako panabwera dzanzi ndi kulemera kwina koyenda m'mwendo. Zimenezi Achina amazitcha de qi, ndipo amati ndi chizindikiro chabwino. Singano zinakhala m'thupi mphindi pafupifupi 25. Pozichotsa panatuluka kadontho kamodzi ka magazi basi. Pobwerera anagona m'minibasi mpaka kondakitala kuchita kuwagwedeza.

Sanachire tsiku limenelo. Ulendo wachitatu mpamene anagona usiku wonse osadzuka. Ofufuza apeza kuti acupuncture imachepetsako ululu wokhalitsa wa msana, mabondo ndi mutu, koma osati kwa aliyense, ndipo mbali ina ya mpumulowo imachokera m'chikhulupiriro cha wodwalayo. Msana wopindika ndi nkhafi zaka zonsezo singano siziubwezera unyamata.

Palinso mtengo wake. Kuchoka ku Feira kufika mu Lusaka ndi makilomita opitirira 300, kudzera pa Luangwa Bridge, ndipo dokotala amafuna kuti ubwerenso kangapo. Sabata iliyonse amalume ali m'tauni, ukonde unali pamtunda ndipo kunyumba kunalibe nsomba zouma zogulitsa. Wotengera kholo kumudzi kudzabayitsa singano ayambe wawerengera zimenezi.

Ife a m'makomboni ndife timasankhira makolo kopita akabwera kudzafuna thandizo, ndiye tizidziwa zofunsa. Wodwala adyeko kanthu asanapite, chifukwa ena amachita chizungulire. Mayi woyembekezera, munthu womwa mankhwala osungunula magazi kapena amene magazi ake sachedwa kutayika, anene asanagone pabedi. Singano iliyonse ikhale yatsopano ndipo itayidwe mukuona. HIV ndi hepatitis B sizisankha kuti ili ndi lumo la sing'anga kapena singano ya munthu wovala gauni yoyera.

Ndipo si msana uliwonse womwe ndi wa kutopa. Kwa anthu okhalira m'madzi, msana wowawa pamodzi ndi magazi mumkodzo ungakhale likodzo. Ukabwera ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, ingakhale TB ya m'mafupa. Zoterezi n'zofunika kupimidwa, ndipo chipatala cha mishoni cha Katondwe chili m'boma lomwelo la Luangwa, palibe chifukwa choyambira ku Lusaka.

M'misika ya m'tauni muli zikwangwani zolonjeza kuchiritsa chilichonse, kuyambira shuga mpaka kusabereka. Wobaya singano akakuuzani kuti musiye ma ARV kapena mankhwala a BP, valani malaya muzipita. Wodziwa ntchito yake amayamba wafunsa kuti kuchipatala anakuuzani chiyani.