Nkhondo ya Chiwaya: tinalipira zingati?

M'kalasi ya mbiri takhala tikutsutsana pa funso looneka ngati la akalaliki: dziko lolamulidwa ndi atsamunda linkayenera kusonkha zingati poteteza ufumu wa Britain? Ku London anali ndi muyezo wosavuta. Mwachitsanzo, Hong Kong inkapereka 20 peresenti ya ndalama zimene boma lake linkatolera pachaka. Mukayeza Nyasaland ndi muyezo umenewu timaoneka ngati opempha, chifukwa nkhondo ya 1914 isanayambe bajeti yathu inkathandizidwa ndi boma la Britain.

Ine muyezo umenewu ndimaukana, ndipo chifukwa chake chili kwathu ku Mulanje. Pofika 1912 msonkho wa nyumba unali masheleni 8, koma ukagwirira mzungu ntchito mwezi umodzi unkalipira theka. Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anakhala pa minda ya azungu, lendi yawo n'kukhala thangata. Ndiye kuti munthu ankalipira kale ndi thukuta, ndipo thukuta sililowa m'buku la ndalama.

Nkhondo itabwera, zinafika poipa. Nyasaland yonse inali ndi anthu pafupifupi 1.2 miliyoni, koma akatswiri a mbiri amati inapereka asilikali oposa 18,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Awa ndi amuna amene ankasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ambiri atachita kugwidwa, ena chifukwa cholephera msonkho. Taganizani: bambo akachoka nthawi ya dzinja, khasu lake ankaligwira ndani? Chimanga chimene sichinalimidwe, matenda a m'njira, amayi otsala okha ndi ana, zonsezi zili ndi mtengo. Kungoti palibe kalaliki amene anauzidwa kuti azilembe.

Mnzanga wina amati tisakokomeze, poti Ajeremani anaukiradi Karonga mu September 1914, choncho dziko linafunika kutetezedwa. N'zoona. Koma nkhondo sinathere pa Karonga. Mu August 1918 asilikali a King's African Rifles ochokera kuno ankamenyana ndi gulu la von Lettow-Vorbeck ku Lioma, m'dziko la Apwitikizi, kutsidya kwa malire athu. Pamenepo ankateteza mudzi wa ndani? Kwa ine, poyeza zimene dziko linapereka tiyambe tafunsa amene anapindula ndi chitetezocho, kenaka tiwerenge miyezi ya ntchito, chakudya chimene chinatengedwa ndi anthu amene sanabwerere. Ndalama za msonkho zibwere pambuyo.

John Chilembwe anaziona izi msanga. Mu November 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka akutumizidwa kukafera nkhondo imene si yawo, pomwe mtendere ukabwera sapatsidwa kanthu. Boma silinafune kuti kalatayo ifalikire. Patangotha miyezi iwiri, mu January 1915, iye ndi anthu ake anaukira.