Printa sinafe, inkalimbirana njira

Lero nkhani ndi ya printa. M'masukulu ambiri muli maprinta amene anaponyedwa m'sitolo ya mabuku poganiza kuti anafa, pamene sanadwale n'komwe.

Amene munali Fomu 4 mu 2006 mwina simunadziwe kuti mayeso anu a moko anatsala pang'ono kulembedwa pa bolodi. Masiku amenewo fotokope inali ku boma, ndipo sukulu sikanakwanitsa kulipira. Ife tinkataipa mafunso pa kompyuta, n'kuchotsa riboni mu Epson LX-300, n'kulowetsa sitensulo kuti singano zake 9 ziboole zilembo. Kenako sitensulo ija tinkaikoleka pa Gestetner n'kumapukusa ndi dzanja mpaka mapewa kuwawa. Printa ya laser singaboole sitensulo. Choncho kaphokoso kaja kamene mumakamva muli m'kalasi ndi kamene kanali kutipatsa mapepala.

Kompyuta ya muofesi inali Pentium II yamphatso, ya Windows 98. Chaka chimenecho kunabwera munthu wina wokonza makompyuta naikamo Windows XP. Sindimudandaula, chifukwa Windows 98 inkafuna driver pa fulashi iliyonse, pamene XP imangoizindikira. Koma iye atakwera minibasi, printa inakhala chete. Ukatumiza pepala, linkangokhala pamzere. Ena anati mchenga wa mwera walowa m'kati, ena anati ndi mphemvu. A hedi anayamba kufunsa mtengo wa printa yatsopano, ndalama yake osadziwa kuti ichokera kuti.

Choyamba, yesani printa payokha. Ma Epson amenewa amatha kusindikiza okha popanda kompyuta mukawayatsa mutagwira batani la LF/FF. Yathu inasindikiza bwinobwino. Ndiye kuti vuto linali pakati pa printa ndi kompyuta. Tinabwereka chingwe china, palibe chinasintha.

Yankho linali mu Device Manager. Pansi pa Ports panali ECP Printer Port, LPT1, pambali pake pali kachizindikiro kachikasu. Nditatsegula, kanandiuza Code 12, kutanthauza kuti chipangizocho chikusowa njira yakeyake.

Ndifotokoze monga ndinafotokozera a hedi. Chipangizo chilichonse m'kompyuta zakalezi chimapatsidwa adiresi, nambala yoitanira purosesa yotchedwa IRQ, ndipo zina zimapatsidwanso DMA, njira yachidule yopita ku memori. Poti ya printa, ija ya mabowo 25, nthawi zambiri adiresi yake ndi 378 ndipo IRQ yake ndi 7. Ikakhala pa ECP imafunanso DMA, kawirikawiri 3 kapena 1. Tsono khadi yakale ya sawundi imene inali m'kompyutamo inali itagwira kale DMA yomweyo. Zili ngati asodzi awiri a ku Senga Bay amene akufuna kukocheza bwato pachikhomo chimodzi. Chikhomocho XP inapatsa sawundi, printa n'kutsala pamadzi.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi khumi. Ndinayatsa kompyuta n'kudina Del kuti ndilowe mu BIOS, pa Integrated Peripherals, n'kusintha Parallel Port Mode kuchoka pa ECP kupita pa SPP, imene makompyuta ena amailemba Normal. SPP safuna DMA. Ndi yochedwa, inde, koma printa ya singano ilibe changu chilichonse. Kenako ndinafufuta poti yakale mu Device Manager n'kuyatsanso. XP inapeza Printer Port, LPT1, yopanda chikasu, ndipo pepala la Biology linatuluka.

Tsiku lotsatira magetsi anazima, ndipo atayaka printa inakhalanso chete. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Koloko ya kompyuta inali itabwerera m'mbuyo zaka zingapo, chizindikiro chakuti kabatire kosunga zimene mwasintha mu BIOS katha. Magetsi akachoka, BIOS inkaiwala zonse n'kubwerera pa ECP. Kabatireko ndi CR2032, kozungulira ngati kakobidi. Ndinakapeza kwa okonza mawotchi mumsika wa pa boma, ndipo ndalama ya thiransipoti inaposa mtengo wake. Mayeso anayamba tsiku lake, ngakhale kuti mapepala ena munawalandira inki isanaume.

Microsoft inasiya kusamalira XP mu Epulo 2014, ndipo makompyuta ambiri a masiku ano alibenso poti ya mabowo 25. Komabe ngati kusukulu kwanu kuli LX-300 m'sitolo, itulutseni, muipukute, muiyese ndi batani lija. Ikasindikiza, gulani chingwe cha USB mbali ina, pulagi yaikulu ya printa mbali inayo. Poika printa musasankhe LPT1. Sankhani USB001.