Kuchokera m'minda ya tiyi kukaona njerwa za ku Blantyre Mission

M'mamawa wa tsiku Loweruka, nkhungu ikali gwaa pa minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo othyola masamba akulowa m'mizere ndi madengu kumsana, ndinakwera minibasi yodzera pa Bvumbwe ndi Limbe, mtima wanga uli pa nyumba ya Mulungu imene agogo anga, amene anakalambira pa ntchito ya tiyi, sankaitchula popanda kuvula chipewa: tchalitchi cha St Michael and All Angels.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho nditafika sindinafulumire kulowa. Ndinayamba ndazungulira kunja, ndikusisita khoma ndi dzanja. Matchalitchi a Baroque a ku Rome anawaveka golide ndi miyala yonyezimira, koma ichi ulemerero wake wonse ndi dothi la kwathu lootchedwa. Mbusa David Clement Scott, amene anayamba ntchitoyi mu 1888, sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo amuna a m'dziko muno amene anagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba yotere. Komabe anaumba njerwa za mitundu 81 m'zikombole zamatabwa, zina zokhota, zina zosongoka, nazisanja mpaka kutulutsa nsanja ziwiri kutsogolo ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Ndinaima nthawi yaitali pa khomo lina, pamene njerwa zimapindika mofewa ngati mkombero wa lichero, ndikuganizira manja amene anaponda dothilo. Dzina la Scott timalidziwa, pakuti ndiyenso analemba dikishonale ya Chimang'anja ya mu 1892, koma oumba njerwawo ndiwo anandigwira mtima koposa.

Tchalitchichi anachipatula pa 10 May 1891. M'chaka chomwecho Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje, ndi mbewu zochokera m'munda wa mishoni yomweyi, ndipo patapita zaka mbewuyo inafalikira ku mapiri a kwathu, kufikira Maclean Kay anatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923. Ndinazizwa kuzindikira kuti dengu limene linapinda msana wa agogo linayambira pa bwalo lomwe ndinaimapo.

M'katimo munali mozizira ndi mwa bata, kuwala kukulowera m'mazenera amitundumitundu. Mayi wina wa Mvano, atavala zoyera, anali kupukuta mabenchi pokonzekera mapemphero a mawa lake. Ndinampatsa moni, ndipo anandilozera pokhala.