Nyama Imene Ikana Katundu Wopyola Muyeso

Munthu wocokera ku Chipata atafika mu mzinda wa Cusco m'dziko la Peru, ku South America, angadabwe kumva kuti mizinda iwiriyi ili pa mzera umodzi, pafupi-fupi madigiri 13 ndi theka kum'mwera kwa Equator. Nyengo zake nazonso zigwirizana. Mvula igwa kuyambira mwezi wa November kufikira March, ndipo cisanu cikula mu June ndi July. Cimene cisiyanitsa malo awiriwa ndi kukwera kwa dziko. Chipata ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Cusco ali pa mamita 3,400. Koma kwa mlendo wofuna kuona moyo wa abusa a m'mapiri a Andes, Cusco ndi poyambira cabe.

Makilomita ngati 100 kum'mwera cakum'mawa kwa mzindawu kuli phiri lalikulu lochedwa Ausangate, limene nsonga yake ifika mamita 6,384. Alendo amene ali ndi mphamvu m'miyendo amalizungulira wapansi kwa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Ambiri ayambira pa mudzi wa Tinki, nadzera ku Upis, nadzatsiriza ku Pacchanta kumene kuli akasupe a madzi otentha. Njira imeneyi idutsa pa mipata ya mapiri yokwera kufikira mamita 5,000 ndi kupitirirapo. Pa malo otere mpweya umene munthu akoka uli ngati theka la umene akoka munthu wa m'mbali mwa nyanja yamcere. Mutu uwawa, mtima ugunda ngati ng'oma, ndipo masitepe khumi okha atopetsa ngati kulima ndime yonse. Eni dziko vutoli alicha soroche. Motero mlendo sangathe kudzisenzera yekha tenti, zofunda ndi cakudya. Zimenezi zisenzedwa ndi nyama, ndipo nyama yeni-yeni ya mapiri amenewa ndi llama.

Llama ndi mbale wake wa ngamila, koma ilibe linunda. Ili ndi khosi lalitali, makutu oima ndi maso akulu-akulu ooneka ofatsa. Zimene zisenza katundu ndi zamphongo. Imodzi itenga makilogalamu 25 kapena 30, m'matumba oluka ndi ubweya amene amangidwa pamsana ndi cingwe ca ubweya womwewo. Mbusa wodziwa nchito yake ayamba wanyamula thumba liri lonse m'manja kuti amve kulemera kwake, cifukwa adziwa cimene cidzacitika akapyola muyeso. Llama yolemedwa igwada, nikhala pansi, ndipo palibe ndodo kapena mau amene angaidzutse. Ikakwiya ilavula malovu osakanizika ndi udzu wa m'mimba. Idzuka pokhapo katundu atacepetsedwa.

Ici ndico cinthu coyamba cimene mlendo aphunzira, ndipo aciphunzira asanafune. Iye wafika ndi masiku owerengeka, ali ndi wochi pamkono ndi tikiti ya ndege m'thumba. Koma gulu la llama liyenda mwa liwiro lake, makilomita 15 kapena 20 pa tsiku, likubudula udzu m'njira. Tsiku loyamba kucedwa kumeneku kumtopetsa mumtima. Pofika tsiku laciwiri, atakwera mpata umodzi, azindikira kuti mapapu ake sangalole liwiro loposa limenelo. Akulu ananena kuti kuthamanga si kufika, ndipo ku Andes mau amenewa atsimikizidwa ndi thupi la munthu.

Ubale wa anthu a m'mapiriwa ndi nyama zao ndi wakale zedi. Makolo ao anayamba kuziweta zaka ngati 6,000 zapitazo. Llama inacokera ku nyama yakuchire yochedwa guanaco, ndipo mng'ono wake alpaca inacokera ku vicuña. Mafumu a mtundu wa Inca, amene likulu lao linali Cusco, analibe akavalo kapena ngolo, komabe analamulira dziko lalikulu lolumikizidwa ndi misewu ya makilomita oposa 30,000. Katundu wa m'misewu imeneyi anali pamsana pa anthu ndi pa llama. Anthu a ku Spain otsogozedwa ndi Francisco Pizarro atagwira mfumu Atahualpa mu 1532, anabweretsa akavalo, abulu ndi nkhosa, ndipo ziweto za eni dziko zinakankhidwira pamwamba pa mapiri pamene nyama zacilendo sizinali kukhala bwino. Ngakhale zinali tero, llama zinagwirabe nchito yonyamula siliva wa ku migodi ya Potosí.

Kufikira m'zaka za posacedwapa, abusa anali kutsika ndi magulu a llama kupita ku zigwa zofunda, atanyamula ubweya, nyama youma ndi mcere, nakasinthanitsa ndi cimanga. Misewu ya galimoto itafika, lole imodzi inayamba kunyamula katundu wa llama mazana awiri. Nyama imene inasenza ufumu inasanduka yopanda nchito, ndipo mabanja ambiri analeka kusankha mbeu yabwino ndi kuphunzitsa zamphongo kusenza. Tsono kubwera kwa alendo oyenda pansi kwapatsa midzi ina cifukwa cobwezera nyamayi pa nchito. Pali phindu linanso. Kavalo ndi nyulu ali ndi ziboda zolimba zimene zikumba njira ndi kuyambitsa kukokoloka kwa nthaka, koma phazi la llama liri ndi zala ziwiri ndi cikopa cofewa kunsi kwake. Ipita osasiya bala pa nthaka, ndiponso idya udzu wolimba wa m'phiri womwemo, osafuna kuinyamulira cakudya.

Alpaca yokha siisenza kanthu. Ndi yaing'ono, ndipo cuma cake ndi ubweya. Ilipo ya mitundu iwiri: huacaya ya ubweya wofutukuka ngati thonje, ndi suri ya ubweya wolendewera ngati zingwe. Dziko la Peru liri ndi alpaca zoposa mamiliyoni atatu, kuposa maiko ena onse pamodzi. Mlendo aziona zili mbuu m'madambo a pamwamba pa mapiri amene eni ake awacha bofedales, zina zili ndi ulusi wofiira m'makutu umene mwini anamangirira pa mwambo wodalitsa ziweto. Kawiri-kawiri woziyang'anira ndi mai wobvala siketi yakuda yocindikala ndi cipewa cokongoletsedwa, amene akupota ulusi ndi kamtengo kozungulira uku akuyenda. Manja ake sapuma.

Pofika pa khomo la mbusa, mlendo aona mmene nyamazi zagwirizira moyo wonse wa banja. Pa malo okwera cotere mitengo siimera kweni-kweni, tsono nkhuni zao ndi ndowe zouma. Cimanga sicibereka, koma mbatata ya kacewere, imene kwao kweni-kweni ndi ku Andes komweko, ibereka ikathiridwa manyowa a m'khola. M'miyezi ya June ndi July mbatata zina aziyala pabwalo usiku kuti ziundane ndi cisanu, kukaca aziponda ndi mapazi kufinya madzi, naziumika pa dzuwa. Zikauma azicha chuño, ndipo zikhala m'nkhokwe zaka zambiri osaola. Nyama nayo aiyanika ndi mcere. Cobvala, cofunda, cingwe, thumba, moto, ndiwo ndi manyowa, zonsezi zicokera m'khola limodzi. Banja limene ziweto zake zafa ndi cisanu coopsa lataya zonse pa nthawi imodzi.

Anthu amenewa alankhula Ciquechua, cinenero cimene mafumu a Inca anafalitsa. Ambiri ndi Akatolika, komabe asunga ulemu wa makolo ao kwa nthaka, imene aicha Pachamama, ndi kwa mapiri akulu, amene awacha apu. Ausangate ndi apu wamkulu wa dera la Cusco, ndipo abusa amuyesa mwini ndi mtetezi wa ziweto. Asanayambe ulendo, mtsogoleri asankha masamba atatu abwino a citsamba ca coca, nawagwira pamodzi, nauzira mpweya kuloza ku phiri. Masamba omwewo apatsana monga moni, ndipo awatafuna kapena kuwawiritsa m'madzi kuti acepetse njala ndi kutopa. Pa mpata uli wonse pali mulu wa miyala, ndipo wodutsa aonjezapo wake. Mlendo waulemu salanda mwambowu ngati sewero lojambula. Alandira masambawo ndi manja awiri, nakhala cete kufikira eni ake atatsiriza.

Lamulo lalikulu la m'midzi yao ndi ayni, ndiko kubwezerana nchito. Lifanana pang'ono ndi dima, koma malipiro ake si mowa kapena thobwa ai. Amene wathandizidwa lero kumeta ziweto kapena kufolera nyumba ali ndi ngongole ya tsiku limodzi la nchito, ndipo adzaibweza ndi manja ake. Kwa iwo ngakhale phiri ndi nyama ziri m'pangano lomweli. Munthu satenga popanda kubwezera, ndipo sasenzetsa mnzake coposa mphamvu zake.

Mbiri yao ionetsa kuti pangano lotere silinasungidwe kwa iwo. Kwa zaka mazana ambiri mabanja oculuka anali kuweta ziweto pa mafamu akulu a eni cuma, ena popanda malipiro. Mu 1969 boma la General Juan Velasco Alvarado linalanda mafamu otere ndi kuwapereka kwa olima ndi abusa, ndipo mu 1975 linabvomereza Ciquechua kukhala cinenero ca boma. Nthaka inabwerera, koma msika unatsala m'manja mwa ena. Alpaca imodzi ipereka ubweya wa makilogalamu awiri kapena atatu pa kumeta kumodzi. Mbusa augulitsa wosapota kwa amalonda oyendayenda, iwo naupititsa ku mafakitale a ku Arequipa, ndipo juzi yake ikagulidwa pa mtengo wokwera ku Ulaya. Popeza mafakitale akonda ubweya woyera umene ulandira utoto uli wonse, alpaca zakuda ndi zofiirira zinacepa m'makola ambiri. Cifukwa ca ici, mlendo amene anenerera kwambiri mtengo wa nsalu imene mai waomba kwa milungu yambiri, ndi utoto wofiira wocokera ku tizirombo ta cochineal, akuonjezera katundu pa msana wolemedwa kale.

Vuto loposa onse likucokera pamwamba. Madambo amene alpaca zidyamo m'cilimwe amwa madzi osungunuka kucokera ku madzi oundana a pa nsonga za mapiri. Mu 2023 bungwe la boma la Peru loona za madzi oundanawa linalengeza kuti dzikolo lataya oposa theka la iwo m'zaka ngati 60, cifukwa ca kutentha kwa dziko lapansi. Pa mwambo wa Qoyllur Rit'i, umene usonkhanitsa anthu zikwi-zikwi caka ndi caka m'cigwa ca Sinakara moyang'anana ndi Ausangate, amuna osankhidwa anali kutsika ndi zibuma za madzi oundana pamsana kupita nazo ku midzi yao. Analeka, poona kuti phiri likutha. Anthu amene sanapserezepo mafuta ambiri pa moyo wao anasiya mwambo wa makolo kuti apeputse katundu wa phiri lao.

Alendo nawonso angathe kulemera kopyola muyeso. Phiri la mizera ya mitundu-mitundu lochedwa Vinicunca, limene liri pafupi ndi Ausangate, linachuka mwadzidzidzi ca m'ma 2015. Posacedwa anthu mazana-mazana anayamba kufikako tsiku liri lonse pa mabasi. Ndalama zinalowa, koma msipu wina unasanduka poimika galimoto, ndipo midzi yoyandikana inakangana pa za mwini wa ndalama za pakhomo. Ulendo wa ndi llama uli ndi ubwino wakuti sungathe kukula motero. Gulu likhala laling'ono, liyenda pang'ono-pang'ono, ndipo silingacoke popanda mbusa amene nyamazo zimdziwa. Komabe ubwino umenewu ukwanira pokhapo malipiro afika m'manja mwa eni ziweto. Mlendo wanzeru afunsa asanalipire kuti nyamazo ndi za yani, mbusa alandira zingati, ndiponso ngati agona pofunda monga agonera alendo.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Atatha masiku ake atsikira ku Cusco, nakwera ndege. Mbusa atsala ndi phiri limene likusungunuka, ndi ana amene mtima wao uli ku tauni, ndi gulu la nyama loyenera kuturutsidwa m'khola m'mawa uli wonse, ngakhale madzi a mumtsuko ataundana. Ngati ana amenewo adzaona kuti nzeru ya atate ao yodziwa kulemera kwa thumba ndi dzanja ikhoza kudyetsa banja, adzaisunga. Ngati sadzaona, adzapita, ndipo njira za llama zidzamera udzu.