Ulendo wa Panyanja Umayambira Pamtunda

Akuluakulu akale anati m'mera mpoyamba. Mwambi umenewu anaupeka alimi, koma munthu amene akufuna kusandutsa ngalawa kuti ikhale nyumba yake, ndi kuyenda nayo m'nyanja zikuluzikulu kwa zaka zingapo, ndiye ayenera kuusunga koposa. Mlimi akalakwitsa pobzala amataya dzinthu za chaka chimodzi, pamene mmalinyero akalakwitsa pokhoma thabwa limodzi amataya moyo. Mbiri ya Joshua Slocum, munthu woyamba kuzungulira dziko lonse lapansi ali yekhayekha m'ngalawa yoyendera mphepo, ikuchitira umboni mawu amenewa.

Slocum anabadwa m'chaka cha 1844 ku Nova Scotia, dera limene lero lili m'dziko la Canada. Anakulira panyanja mpaka anakhala mkulu woyendetsa zombo zamatanga zonyamula katundu. Koma mu 1887 chombo chake chotchedwa Aquidneck chinasweka pagombe la ku Brazil, ndipo pobwerera ku America anapeza kuti sitima zoyendera nthunzi zikulanda malonda a zombo zamatanga. Munthu amene kale ankalamulira amalinyero tsopano anali pa ulova.

M'chaka cha 1892 mnzake wina wosaka anamgumi, Eben Pierce, anamulonjeza ngalawa yaulere. Atafika ku Fairhaven, m'chigawo cha Massachusetts, Slocum anapeza kuti mphatsoyo inali chiphakasa. Inali ngalawa yakalekale yotchedwa Spray, imene inkagwira ntchito yokolola nkhono za m'nyanja, ndipo inali itatsamira pa mitengo pakati pa munda, kutali ndi madzi, matabwa ake atafumbwa. Anthu a m'mudzimo ankayesa kuti mlendoyo wabwera kudzaiphwasula. Iye anawauza kuti adzaimanganso.

Munthu wopupuluma akanangomata ming'alu, n'kupaka penti, n'kuikankhira m'madzi. Slocum anayambira pansi penipeni. Anatenga nkhwangwa n'kugwetsa yekha mtengo wolimba wa oki, nausema kuti ukhale msana wa ngalawa, popeza nthiti zonse ndi matabwa onse zimadalira msanawo. Nthiti anazipanga kuchokera ku mitengo yanthete ya oki, imene ankaifewetsa m'bokosi la nthunzi kuti ipindike osathyoka. Pa nthitizo anayala matabwa ochindikala a paini, nawamanga ndi mabawuti pafupifupi 1,000. Ankachotsa mtengo wovunda umodzi n'kuikapo watsopano, pang'onopang'ono, kotero kuti pomaliza ngalawayo inali yatsopano ngakhale kuti dzina linali lomwe lija.

Atatha zimenezi anatseka mipata ya pakati pa matabwa pokhomeramo thonje ndi ulusi wa zingwe zakale wonyikidwa m'phula. Kunsi kwa ngalawa anapakako penti wosakaniza ndi mkuwa, amene amateteza matabwa ku tizilombo toboola mitengo m'madzi amchere. Popeza ngalawayo inayeneranso kukhala nyumba, anamangamo chipinda chogona chokhala ndi kama ndi mashelefu, komanso malo ophikira. Ntchito yonseyi inamutengera miyezi 13 ndi ndalama zokwana madola 553.62. Spray yatsopanoyo inali yotalika mamita 11 okha.

Ngakhale pamenepo sanathamangire ulendo. Anayamba wapita nayo kokawedza nsomba kwa nyengo yathunthu, ndipo ngakhale kuti usodziwo sunamupindulire, anaphunzira khalidwe la ngalawa yake pa mphepo ndi pa mafunde. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ananyamuka ku Boston pa 24 Epulo 1895, zaka zitatu chilandirire mphatso ija.

Tsono phindu la ntchito yobisika ija linaonekera kumene kunalibe mmisiri wina woti amuthandize. Mu 1896 namondwe woopsa wa kumwera kwenikweni kwa South America, pafupi ndi mpata wa Magellan, anamukankha kwa masiku angapo n'kung'amba matanga, koma matabwa sanalekane. Mu 1897, pochoka ku chilumba cha Thursday kupita ku zilumba za Cocos Keeling m'nyanja ya Indian, ngalawayo inayenda mamailosi 2,700 m'masiku 23, mwini wake atagwira chiwongolero kwa maola ngati atatu okha. Ankangomanga chiwongolero ndi chingwe, n'kuchuna matanga, n'kukaphika kapena kuwerenga mabuku. Pa zilumba zomwezo mphuno ya ngalawa inagunda thanthwe la pansi pa madzi, ndipo chimene chinasweka ndi thanthwelo. Ataima ku Durban ndi ku Cape Town, anaoloka nyanja ya Atlantic nafika ku Newport pa 27 Juni 1898, atayenda mamailosi oposa 46,000. Mbiri ya ulendowo anailemba m'buku lotchedwa Sailing Alone Around the World, limene linatuluka mu 1900.

Chimene chinamulola kugona tulo pakati pa nyanja sikunali kulimba mtima kokha ayi. Anali kudziwa bawuti aliyense ndi thabwa lililonse, chifukwa zonse zinadutsa m'manja mwake. Anthu amene amakonza ngalawa zokhalamo masiku ano ali ndi injini, mawailesi ndi zida zolozera njira zimene Slocum analibe, komabe dongosolo la ntchito ndi lomwe lija: choyamba thupi la ngalawa lisalowe madzi, chachiwiri mlongoti, zingwe, chiwongolero ndi nangula zikhale zodalirika, ndipo zokometsera za m'chipinda zibwere pambuyo. Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Komatu kukonzekera si ntchito ya tsiku limodzi. Patapita zaka, anthu amene ankaona Spray m'madoko ankadandaula kuti yakalamba ndiponso kuti mwini wake sakuisamala monga kale. Mu Novembala 1909 Slocum, ali ndi zaka 65, ananyamuka nayo ku Martha's Vineyard kulowera kumwera, ndipo iye pamodzi ndi ngalawa yake sanaonekenso. Nyanja siifunsa mbiri ya munthu kapena kutchuka kwa dzina la ngalawa. Imayesa matabwa monga momwe alili pa tsiku limenelo.