Nkhongole ya Atate

Pa wailesi ya m'dera lathu, nchito yanga ndi kuyenda m'makomboni kujambula mau a akuluakulu. Ndakhalapo pansi ndi ambuya ogulitsa kapenta, madilaiva akale a mabasi a UBZ, ngakhale amdala amene anaona mbendera yathu ikukwera koyamba mu 1964. Koma pali munthu mmodzi amene sindinamujambule: atate anga. Anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo m'foni yanga mulibe ngakhale mphindi imodzi ya mau ao.

Tonse pa nyumba tinali kudziwa kuti anali msilikali ine ndisanabadwe. Nkhani inali kuthera pomwepo. Ukafunsa zambiri, anali kungoti, “Zinapita izo,” n'kukweza wailesi. Koma thupi lao linali kukamba. Ana akayamba kuphulitsa tumabomba pa Caka Catsopano, iwo anali kulowa m'cipinda n'kutseka citseko. Pa ulendo wa kumudzi ku Katete, basi ikangodutsa Chongwe anali kukhala cete mpaka ku Luangwa.

Panalinso nkhani ina imene inali kuwawa amai. Mwezi uliwonse ukatha, atate anali kupita ku positi kukatumiza ndalama ku Petauke. Ife ku Petauke tilibe wacibale. Ngakhale caka cimene ndinathamangitsidwa kusukulu cifukwa ca fizi, ndalama ya ku Petauke inapita. Amai akafunsa, yankho linali limodzi: “Ni nkhongole yanga.” Ine ndinakula ndikuganiza kuti kumeneko kuli mkazi wina ndi mwana wina, ndipo ndinawasungira cakukhosi mpaka tsiku limene tinawaika.

Maliro atatha, amai anandipatsa kiyi ya thilanki yacitsulo imene inali kukhala pansi pa bedi. Munali cisote ca usilikali, kakhadi kokhala ndi nambala yao, mtolo wa malisiti a ku positi womanga ndi mphira, ndi cithunzi ca anyamata asanu ovala yunifomu. Kumbuyo kwa cithunzi kunalembedwa maina ndi caka: 1979. Ndinadzifunsa kuti, kodi mu 1979 kunali nkhondo yanji muno mu Zambia? Kusukulu tinangophunzira kuti dziko lathu linathandiza anansi kupeza ufulu, basi.

Ndinayambira ku National Archives of Zambia ku Ridgeway. Kwa masiku anai ndinali kutembenuza manyuzipepala akale a Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, mapepala acikasu onunkha fumbi. M'menemo ndinaona kuti nkhondo ya ku Rhodesia sinathere pa Zambezi. Pa 19 October 1978 ndeke za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZAPU pa Chikumbi, pafupi cabe ndi Lusaka, ndipo anthu mazana anafa. Tsiku lomwelo anaukiranso msasa wa ku Mkushi. Mu April 1979 asilikali ao analowa mu Lusaka mwenimweni n'kugwetsa nyumba imene Joshua Nkomo anali kukhalamo. Mu October anaphulitsa ulalo wa pa Chambeshi, pamene njanji ya TAZARA idutsa, ndipo mu November anagwetsa maulalo ena, kuphatikizapo wa pa Chongwe pa Great East Road. Colinga cinali kutseka njira za cimanga ndi kopa, kuti a Kaunda apanikizike pamene zokambirana za ku Lancaster House zinali mkati. Pangano linasainidwa pa 21 December 1979.

Nditawerenga dzina la Chongwe, ndinatseka nyuzipepala n'kutuluka panja kukapuma.

Koma dzina la atate munalibe. Nyuzipepala imalemba za mapulezidenti ndi maulalo, osati za mnyamata wa zaka 22 amene anagona m'dzenje pafupi ndi ulalowo. Ndiye ndinalemba kalata ku ofesi yosunga mafailo a asilikali, n'kuikamo nambala ija ndi cikalata ca imfa. Yankho linabwera pa pepala limodzi. Anayambira ku National Service, kumene omaliza Form 5 onse anali kupita masiku amenewo. Analowa usilikali mu 1977, anatuluka mu 1986 ali kopolo. Khalidwe: labwino. Zaka zisanu ndi zinai m'mizere isanu.

Cimene cinatsegula citseko ndi cithunzi cija. Amai atavala magalasi anazindikira dzina limodzi. Anati munthuyo anabwera pa ukwati wao, ndipo anamva kuti akhala ku Kabwe. Ndinafunsafunsa kwa a ku chalichi mpaka ndinapeza nyumba. Pa Ciweru pena ndinakwera basi.

Ndinawapeza akusoka thumba la malasha pansi pa mtengo wa mango. Nditagwada n'kuchula dzina la atate, anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. “Mphuno ni yomweyo,” anatero. Nditatulutsa foni kuti ndijambule, anakweza dzanja. “Mwana wanga, coyamba mvera ndi makutu. Makina pambuyo.”

Anati maulalo atagwa, gulu lao linatumidwa kukalonda mseu kum'mawa kwa Chongwe. M'mawa wina inali nthawi ya atate kupita ndi lole kukatenga madzi ndi cakudya. Koma anali atagona akunjenjemera ndi malungo. Mnzao wina, wacitatu pa cithunzi kucokera kumanzere, anati, “Gona iwe, nipita ine.” Lole ija inaponda bomba lokwirira pansi isanafike patali. Anamva kuphulika ali pamsasa.

“Mnyamata uja anali wa ku Petauke,” anatero amdalawo. “Ndiye yekha anali kudyetsa amai ake. Atate ako anapita nao ku maliro. Atabwerako sanakambenso za tsikulo, ngakhale kwa ine. Manje uziwa.”

M'basi pobwerera ndinamasula mtolo wa malisiti. Onse anali ndi dzina limodzi la munthu wamkazi. Loyamba linali la 1980, lomaliza la 2004. Ndiganiza ndi caka cimene ambuyawo anamwalira. Mkazi amene ndinamuda ubwana wanga wonse anali nkhalamba imene mwana wake anafa m'malo mwa atate anga. Malungo aja akanapanda kubwera usiku umenewo, sembe ine kulibe.

Madzulo ndinawauza amai zonse ali kusenda nshawa. Anasiya mbale, nakhala duu. Kenako anati, “Nanga analekeranji kundiuza? Sembe ndinali kuwonjezerako ya pa tomato yanga.” Anapukuta maso ndi citenje n'kupitiriza kusenda.

Funso lao likundivutabe. Mwina atate anali kuona ngati kupulumuka kwao ndi mlandu. Mwina m'nthawi yao mwamuna, makamaka msilikali, analibe pokambira zotere. Koma nanenso ndili ndi mbali yanga. Ndinafunsa kamodzi kapena kawiri, atandikaniza ndinasiya. Ndinali kukwera minibasi kukafuna nkhani kwa makolo a anthu ena, pamene yanga inali pa mpando wa pakhomo ikumvera mpira pa wailesi.

Anyamata a mu 1979 lero akuyandikira zaka 70. Ena ndi amene amatitsegulira mageti m'maofesi, ena agulitsa malasha, ena ndi atate anu kapena amalume anu. Ngati pa nyumba panu pali thilanki yotere, musayembekeze maliro kuti muitsegule. Lembani nambala ya pa khadi, yang'anani kumbuyo kwa zithunzi, funsani maina a anzao. Akakana lero, bweraninso mawa ndi funso laling'ono: munali kudya ciani, munali kugona pati?

Amdala a ku Kabwe anavomera kujambulidwa pa ulendo wanga waciwiri, ndipo tinakamba maola awiri. Mwezi wa mawa ndipita ku Petauke ndi lisiti lomaliza. Amai anena kuti tipitire limodzi, ndipo agula kale citenje cakuti tikapereke kwa aliyense wa pa banjapo amene tikamupeze.