Ulendo wa ku Makwasa ndi nkhani ya khansa ya kummero

Msewu wochokera ku Limbe, wodutsa pa Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo, umakafika ku Makwasa komwe kuli chipatala cha Malamulo, pa mishoni yomwe inayamba mu 1902. Ukadutsa Bvumbwe minda ya tiyi imayamba, ndipo mu June nkhungu imakuta mapiri mpaka dzuwa litakwera. Chifukwa cha kuzizira, anthu amakonda kumwa zongophula kumene pamoto, atakhala m'khitchini modzaza utsi wa nkhuni.

Ife odzipereka pa zaumoyo tikamayenda m'midzi ya kuno, dandaulo lomwe limatiopsa ndi lakuti nsima ikukana kutsika. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala mochedwa, ngakhale phala likuvuta kumeza.

Kodi chimachitika n'chiyani kummeroko? Selo iliyonse ya thupi ili ndi malangizo otchedwa majini, ngati buku. Majini ena, monga p16, amaletsa maselo kuchulukana mwachisawawa. Pa khansa zambiri za kummero ndi pakhosi, jini yotere imapezeka kuti sinang'ambike ayi, koma yangomatidwa ndi tizizindikiro tina moti siwerengekanso. Asayansi amati uku ndi kusintha kwa epigenetic. Utsi wa fodya umadziwika kuti umasiya zizindikiro zotere m'maselo.

Chiyembekezo chili apa: tsamba lomatidwa lingathe kumatulidwa. Mankhwala a azacitidine, omwe anavomerezedwa ku America mu 2004, amagwira ntchito imeneyi pa matenda ena a khansa ya m'magazi. Pa khansa ya kummero, mankhwala otere akadali pa kafukufuku, choncho tisanamizidwe ndi ogulitsa zitsamba olonjeza machiritso. Koma kafukufuku wasonyeza kuti munthu akasiya fodya, zizindikiro zambiri zimafufutika pang'onopang'ono.

Mu 2016 bungwe la IARC linachenjeza kuti zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 zingathe kuyambitsa khansayi. Vuto ndi kutenthako, osati tiyi yekha. Ngakhale ife amene sitimwa tiyi, phala kapena madzi a mandimu otentha kwambiri amawotcha kummero chimodzimodzi.

Abale ndi alongo, dikirani chakumwa chizizireko, pewani fodya ndi kachasu, ndipo khitchini ikhale ndi potulukira utsi. Chakudya chikayamba kukakamira pakhosi, pitani kuchipatala sabata yomweyo.